Amene Adayeza Mthunzi ku Nsaru

Ana anga, Tiyamike ndi Limbani, mutu uno wa mbiri yanga ndakhala ndikuuzengereza. Za kukoleji ndalemba, za ukwati ndalemba, koma ndikafika pano cholembera chimandilemera. Amene wandikankha ndi mdzukulu wanga Takondwa. Atabwera ku holide kuchokera ku yunivesite anandionetsa chithunzi pa foni yake: amayi achizungu akalekale, madiresi ofika kumapazi, atakhala m'chipinda chimodzi aliyense atawerama pa galasi. Anati amayiwo ankalembedwa ntchito yowerenga ndi kusanja nyenyezi zojambulidwa pa magalasi, tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ena mpaka kutulukira zinthu zimene akatswiri aamuna sankazidziwa, koma mabuku ankatuluka ndi dzina la bwana wawo.

"Nanga bwanji ankangokhala chete, agogo?" anandifunsa atapsa mtima. "Ine zimenezo sindingalole."

Akulankhula choncho n'kuti atakhala pansi penipeni pa chikalata cha agogo ake aamuna chija, chimene inu mudachiika mu felemu, chowayamikira chifukwa cha ntchito yoyeza mthunzi wa dzuwa. Ndinangomutuma madzi akumwa. Koma inu muyenera kudziwa: ntchito imene yalembedwa pa chikalatacho ndidaigwira ndine.

Ku Nambuma, zaka zisanu zoyamba

Ntchito ndidayambira pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nambuma, ndisadakwatiwe. Zipinda zinali zinayi, makalasi ena onse pansi pa mitengo. Choko tinkagawana ngati mchere, ndipo buku limodzi ankaligwira ana asanu, wina akuwerenga chozondoka. Ana ambiri anali a matenanti a m'maesiteti a fodya, ochokera kummwera, amene ankabwera mvula ikamayandikira n'kusowa fodya akagulitsidwa. Ahedi athu anali a Gwaza, munthu wamfupi koma mawu ngati bingu. Wotchi pasukulu ponse inali imodzi, ndipo inkakhala pa mkono pawo. Akapita ku boma, nthawi inkapita nawo. Ine monga wamng'ono pa aphunzitsi onse adandipatsa ntchito yoimba belu, limu ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango. Tsiku lina iwo kulibe ndidawerutsa ana ola lathunthu nthawi isadakwane, ndipo mawa lake adandiitana pa mzere, ana onse akuona.

"Kodi aphunzitsi aakazi, amayi anu kumunda amaweruka ndi wotchi? Dzuwali Mulungu adaliika pamwambapa kuti mudziliumitsira zovala basi?"

Ana adaseka, ine manyazi adandigwira mpaka kumapazi. Madzulo ake ndidadula nsungwi n'kuizika kuseri kwa kalasi langa. Sabata yonseyo ndinkangopeza zifukwa zopita kwa a Gwaza ola lililonse, kukapempha choko, kukafunsa rejisitala, cholinga ndisuzumire pa mkono pawo, kenako ndithamange kukaika mwala pamene mthunzi wa nsungwi wathera. Ndidapeza wotchi yanga ya miyala, ndipo kwa masabata angapo inkandithandiza bwino. Patapita miyezi iwiri miyala ija idayamba kunama. Ndidakalipira ana kuti akuisuntha, wina mpaka ndidamugwira khutu, Mulungu andikhululukire. Nditaikwirira pansi kuti isasunthike ndipamene ndidaona kuti chikusuntha ndi mthunziwo. Unkafupika sabata ndi sabata, osafikanso pa miyala.

Kukoleji tidaloweza kuti dziko limazungulira dzuwa litapendekeka, ndipo pa mayeso ndidakhoza. Koma kuloweza ndi kwina, kuona ndi maso ako kuseri kwa kalasi ndi kwinanso. Ndidagula kope, ndipo masana alionse ndinkadikira pamene mthunzi wafupikitsitsa, n'kuuyeza ndi rula n'kulemba. M'mwezi wa Juni unkatalika kuloza kummwera. Ukatero unkayamba kubwerera pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina kumapeto kwa Okutobala, kutentha kuli pachimake, ndidawerama ndi rula yanga n'kupeza palibe choyeza. Nsungwi idaima yokha, dzuwa lili pamutu penipeni. Ndidayang'ana uku ndi uku kufuna munthu womuonetsa, koma panali mbuzi zokha. Masiku otsatira mthunzi udatulukira mbali ya kumpoto.

Bambo anu ndidakumana nawo pa sukulu yomweyo, akuphunzitsa Sitandade 8. Ankandiseka kuti ndine mlonda wa nsungwi, koma wotchi yanga yoyamba adandigulira ndi iwo, tisadakwatirane n'komwe, ndipo ndinkaitchera ndi wailesi m'mawa uliwonse. Ndikulemba zimenezi kuti musaganize kuti ndidakwatiwa ndi munthu woipa.

Ku Nsaru, Febuluwale wa chaka chimene Limbani adayamba sukulu

Titasamutsidwira ku sukulu ya kufupi ndi Nsaru, bambo anu anali atakhala ahedi. Nsungwi zinkandithera ndi chiswe, choncho ndidapempha paipi ya mjigo wakale umene udafa, n'kuizika pakati pa bwalo ndi simenti yotsala pomanga zimbudzi. Poimika ndidagwiritsa ntchito chingwe chomangirira mwala, kuti iwongoke ndithu, chifukwa paipi ikapendekeka pang'ono mthunzi sungasowe. Ana anga a Sitandade 6 ankasinthana kuyeza, ine n'kumalemba. Pofika nthawi imeneyo makope anali atakwana asanu ndi anayi. Ndinali nditazindikira kuti mthunzi umasowa kawiri pachaka, kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, koma wa Febuluwale ndinkangouganizira pa manambala, chifukwa chaka ndi chaka mitambo ya dzinja inkandibisira.

Chaka chimenecho, pa tsiku limene ndinkaliganiziralo, kudacha bwino. Mwamwayi kapena mwatsoka, tsiku lomwelo kudabwera a Nyirongo, mphunzitsi wa ku koleji ya aphunzitsi, kudzayendera ophunzira awo amene ankayeserera ntchito pasukulu pathu. Adamva ana akukuwa pabwalo kuti, "Wasowa! Wasowa!" ndipo adatuluka limodzi ndi bambo anu. Ana anali ataimikanso mabotolo ndi njerwa, zonse zopanda mthunzi. A Nyirongo adazungulira paipi ija kawiri, chipewa chili m'manja. Bambo anu adayang'ana wotchi yawo n'kunena kuti, "Thwelofu koloko ndendende." Kenako adamutenga mlendo kupita naye ku ofesi, pakuti mlendo ndi wa ahedi, ine n'kubwerera m'kalasi kukaphunzitsa masamu.

A Nyirongo adapempha kuti ntchitoyo ilembedwe bwino kuti iikidwe m'kabuku kothandiza aphunzitsi a sayansi a sukulu zopanda zipangizo. Ndidalemba masamba asanu ndi limodzi, ndi zojambula zomwe. Koma inu mukudziwa malamulo a nthawi imene ija: pepala lililonse lotuluka pa sukulu linkayenera kudutsa kwa ahedi, lidindidwe ndi kusainidwa. Patapita miyezi itatu kudabwera kalata yotayipa yofuna kuti mwini ntchito avomereze, bambo anu adasaina n'kubweza, ine osaiona. Ndidadzaona kabuku katatuluka kale. Mawu anali anga, zojambula zanga, ngakhale cholakwika chimodzi chimene ndidachita pa tebulo la manambala chinali chomwecho. Dzina linali lawo.

"Nanga izi, abambo?" ndidawafunsa titafika kunyumba.

"Aa, Nabanda, ine ndidangosaina osawerenga. Mukudziwa mapepala amene amadutsa pa tebulo panga patsiku. Komanso vuto lili pati? Changa n'chanu, chanu n'changa. Yatchuka ndi sukulu yathu."

Ndidawakhulupirira, chifukwa kuwakhulupirira kunali kosavuta kusiyana ndi kusawakhulupirira. Ndidakadandaula kwa Mayi Chadza, mphunzitsi mnzanga amene analinso mtsogoleri wathu kumvano. Adandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amwali, mwamuna akakwera mtengo, zipatso zimagwera pakhomo panu pomwe. Mukufuna dziko lidziwe kuti ahedi adaba kwa mkazi wawo? Mawa adzaima bwanji kutsogolo kwa mpingo?" Bambo anu anali mkulu wa mpingo. Ndidameza mawu anga, koma sadatsike bwino.

Okutobala wa chaka chomwecho

Kabuku kaja kadapangitsa kuti akuluakulu a zamaphunziro afune kudzaona okha. Adagwirizana ndi bambo anu kuti kumapeto kwa Okutobala kudzakhale mwambo pasukulu pathu, aphunzitsi a sukulu zoyandikana nafe aitanidwe, makolo ndi abusa omwe. Tsiku adalitenga pa tebulo la m'kabuku, ndipo linali lolondola. Nthawi sadaifunse kwa aliyense. Pa pulogalamu imene ndidaiona itakhomedwa mu ofesi padalembedwa kuti pemphero, malonje, nyimbo za kwaya, zoyankhulayankhula, kenako thwelofu koloko ahedi aonetsa kusowa kwa mthunzi.

M'masamba asanu ndi limodzi aja sindidalembemo za nthawi, koma m'makope anga zinalimo. Dzuwa silitsata wotchi. Mu Febuluwale limafikadi pamutu chathwelofu koloko, koma mu Okutobala limafulumira, limafika chahafu pasiti leveni. Pofika thwelofu mthunzi umakhala utatuluka kale mbali inayo, woti ngakhale wakhala kumbuyo auone. Bambo anu adaona kamodzi, pa wotchi yawo, n'kuyesa kuti ndi mmene zimakhalira masiku onse. Paja safunsa adadya phula.

Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo sindilibisa. Ndidadziwa zimenezi masabata awiri mwambo usadachitike, ndipo sindidawauze. Ndinkawachapira malaya, kuwasitira jekete, kuwamva akuyeserera zokanena zawo m'chipinda, ine duu. Ndinkati andifunse. Mawu amodzi okha, "Nabanda, kodi apa zili bwino?" ndikadawauza zonse. Sadafunse, ndipo mumtima mwanga ndinkati aimirire pamaso pa anthu ndi mthunzi wawo, aone mmene manyazi amawawira.

Tsiku litakwana, ife aphunzitsi aakazi tidapatsidwa ntchito imene aphunzitsi aakazi ankapatsidwa pakabwera alendo: kuphika. Tinali kuseri kwa Sitandade 3 ndi mapoto a mpunga ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri, utsi uli m'maso. Alendo adakhala pa mabenchi pansi pa mitengo, kutali ndi paipi. Abusa adapemphera pemphero lalitali, malonje adatenga nthawi chifukwa aliyense adayenera kutchulidwa ndi udindo wake, kwaya idaimba nyimbo zitatu m'malo mwa imodzi. Ine ndinkavundula mpunga diso lili pa wotchi. Itakwana kota pasiti leveni ndidasuzumira pabwalo n'kuona kuti mthunzi wa paipi watsala ngati chala. Ndidaona ana anga a Sitandade 6 atakhala pansi padzuwa, mabotolo ali m'manja, akudikira. Ana amenewo adayeza nane chaka chonse, ena a iwo a matenanti amene chaka chamawa sakadakhalaponso. Ndidaonanso bambo anu mu jekete lija, thukuta lili kamukamu, akumwetulira aliyense. Mkwiyo umene ndidausunga masabata awiri udandithawa pamene ndinkaufuna.

Ndidatenga jagi ya madzi, kupita pamene adakhala, kugwada monga mwa mwambo, n'kuwanong'oneza.

"Abambo, mthunzi ukutha tsopano lino. Pofika thwelofu kukhala kulibe choonetsa."

Adayang'ana wotchi, kenako adayang'ana mlendo wolemekezeka amene anali pakati pa zoyankhula zake.

"Nthawi sinakwane. Bwana akulankhula, sindingawadule. Pitani mukaone zakukhitchini."

Ndidadzuka. Kukhitchini kunali kumanzere, belu linali kumanja. Sindinganene kuti ndidaganiza kwambiri. Ndidasiya jagi pansi, kutola chitsulo choimbira belu, n'kumenya limu ya pasukulupo katatu mmene ndinkachitira masana alionse poitana oyeza. Ana sadadikire chilolezo cha munthu. Adadzuka onse n'kuthamangira ku paipi, sukulu yonse pambuyo pawo, ndipo bwana uja adatsala kukamwa kuli yasa, pepala lili m'manja. Mayi Chadza ndidawamva akuti, "Mayo ine, Nabanda wapenga!" Kenako ana adayamba kukuwa kuti wasowa, alendo adaiwala ulemu wawo n'kuyamba kukankhana kuti aone. Abusa adaimika ndodo yawo, makolo ankayang'ana kumapazi awo akuseka. Kwa mphindi zingapo pabwalo ponse panalibe chinthu choima chimene chinali ndi mthunzi.

Phokoso litachepa, bwana uja adayang'ana pulogalamu n'kufunsa kuti, "Ahedi, paja munalemba thwelofu koloko. Zatheka bwanji kuti zichitike hafu pasiti leveni?"

Bambo anu adatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinali ndisadawaonepo choncho. A Nyirongo, amene adabweranso pa mwambowo, adayang'ana pansi. Ndiye ndidayankha ine, chitenje chikununkha utsi, m'manja muli mafuta a nkhuku. Ndidafotokoza kuti masana a dzuwa ndi masana a wotchi amasiyana, kuti miyezi ina dzuwa limatsogola ndipo miyezi ina limatsalira, kuti ndakhala ndikuzilemba zaka khumi ndi zitatu ndipo chaka chilichonse zimabwereza chimodzimodzi. Ndidalankhula mwina mphindi zitatu.

"Kodi mayiwa ndi ndani?" bwana uja adafunsa, osayang'ana ine koma bambo anu.

"Ndi akazi anga, bwana. Amaphunzitsa Sitandade 6."

Bwana adaseka mokondwa, kuwagwira chanza bambo anu n'kutembenukira kwa anthu.

"Mwaona, aphunzitsi? Uyu ndiye mtsogoleri. Waphunzitsa ana, waphunzitsa mpaka mayi a kunyumba! Tiyeni tiwaombere m'manja ahedi."

Anthu adaomba m'manja, amayi nthungululu. Ndinali ndi mpata wonena kuti ayi, mpata wa kupuma kumodzi. Ndidayang'ana bambo anu, iwonso adandiyang'ana, ndipo m'maso mwawo munali mantha. Kumbuyo kwawo kudaima abusa, akulu a mpingo anzawo, aphunzitsi amene ankawalamulira, ndi iwe Tiyamike, uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ukuomba m'manja koposa onse. Mphamvu zoimba belu ndinali nazo, koma zovula bambo ako pamaso pako ndinalibe. Ndidatola jagi yanga n'kupita kukapakula mpunga.

Chikalata chija adawapatsa tsiku lomwelo. Kunyumba tidakambirana mawu ochepa kwambiri. Iwo adati, "Mukadandiuza dzana." Ine ndidati, "Mukadandifunsa." Nkhani idathera pomwepo, ndipo sitidaiyambenso. Amayi akumvano adandikhazika pansi kundilangiza za kudula akuluakulu mawu, ndidapepesa. Chaka chotsatira bambo anu adakwezedwa kukhala mlangizi wa aphunzitsi, tidasamukira ku Kabudula. Kumeneko sindidazikenso kanthu. Ndinkaphunzitsa za dzuwa kuchokera m'kabuku komweko, ana n'kumakopera dzina la bambo anu pamwamba pa notsi zawo, mpaka ndidapuma pa ntchito.

Kuno ku Mpingu, chaka chino

Sindinafune kukutumizirani mutu uno mwini wake asanaumve. Kuchita zimenezo kukanakhala kumudyera munthu miseche ali moyo. Maso a bambo anu mukudziwa mmene alili tsopano, sangathe kuwerenga, choncho Lachitatu lapitali titamwa tiyi ndinatulutsa mipando pakhonde n'kuwauza kuti ndili ndi choti ndiwawerengere. Ndinawerenga kuyambira kwa a Gwaza. Pa nkhani ya mlonda wa nsungwi anaseka mpaka kutsokomola. Titafika ku Nsaru anasiya kuseka. Ndinkayembekezera kuti andidula, kapena adzuka kulowa m'nyumba, koma anangokhala, manja onse awiri ali pa ndodo yawo, nkhope kuyang'ana kumunda. Nditamaliza ndinayamba kudziimba mlandu kuti ndavutitsiranji nkhalamba ndi zinthu zakale.

"Mwalemba bwino, Nabanda," anatero pomaliza. "Koma pali malo amodzi pamene mwalakwitsa."

Ndinakonzeka kukangana nawo. Ndinati, "Pati?"

"Paja mwati ndidasaina osawerenga."

"Ndi mmene mudandiuzira."

"Ndikudziwa mmene ndidakuuzirani. Kalata ija ndidaiwerenga kawiri. Ndidaona kuti dzina lanu palibe. Cholembera chinali m'manja, malo okonza analipo. Ndidakhala nayo mu dirowa masiku atatu. Munthu anali asadandiyamikirepo chinthu chachikulu chotero chiyambire ntchito. Ndidachifuna."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikadzamva mawu amenewa ndidzakondwa. Sindinakondwe. Ndinamva chisoni, cha ine ndi cha iwo, ndipo misozi inagwera pa pepala. Ndinawauza kuti palibe chifukwa choti ana adziwe mbali imeneyo, kuti ndingathe kusiya mmene ndalemberamo, zokwanira zanenedwa kale.

"Ayi," anatero. "Mwandibisa kokwanira. Lembani kuti ndidawerenga."

Ndalemba.